Chinkhoswe cha ku Kanema

Ikani pansi nkhukuzo. Ndati ikani pansi, atsikana inu, nkhuku za chinkhoswe saseweretsa. Tambala ameneyo ali ndi kopita kwake mawa, thadzi nalonso chimodzimodzi. Zoti wina akhale mkwati wabodza, wina nkhoswe yabodza, n'kumapatsirana nkhuku uku mukuimba nthungululu, ine sindifuna kuziona ndi maso angawa. Sonkhezerani moto pa mgolo wa thobwawo, mukhale pansi. Ambirinu munabadwa bambo a Leya ali kale mmene alilimu, ndiye mumangomva za m'maluwa. Ena amati ndi sitiroko, ena amati ndinawadyetsa mankhwala ine ndemwe kuti asamayang'ane akazi ena. Lero mumve kwa mwini wake.

Nthawi imeneyo ndinali ndi makina anga osokera pakhonde la sitolo ina pa Lizulu, ndipo amuna anga, a Faniwelo, bambo a Leya omwewo, ankakonza njinga patsinde pa bulugama tsidya lina la msewu. Ndikadzutsa mutu pa makina ndinkawaona, iwo akadzutsa mutu pa tcheni ankandiona. Anali munthu wa nthabwala, wosamwa, wosasuta, moti anzanga ankati ndinatola chikwama. Mowa wawo unali umodzi wokha, kanema.

Nyumba ya kanema inali kuseri kwa chigayo, ya zidina, mazenera ake otseka ndi masaka. Mwini wake anali Layisoni, mnyamata wamkulu ndithu, wa ndevu, amene Mulungu anamumana zambiri koma pakamwa anamupatsa mosefukira. Ankaima pambali pa wailesi ya kanema ndi maiki m'manja, n'kumamasulira zonse zimene anthu a m'filimu akuyankhula. Chitchaina sankachidziwa ngakhale moni weniweniyu, koma ukamumva unkalumbira kuti anakulira konko. Ndipo anali ndi chizolowezi chake: anthu a m'filimu ankawapatsa mayina a anthu a pamsika pathu. Chigawenga chikatulukira ankati, "Awo a Gwaza afika, bisani kachewere wanu!" Anthu n'kugwa nacho chiseko, a Gwaza eni ake, ogulitsa kachewere pamsikapo, akuseka nawo pabenchi lakutsogolo. Palibe ankakwiya. Amene ankakwiya ndi amene sanatchulidwe.

Ndiye kunabwera tepi ina. Layisoni anaipeza m'katoni ya matepi akale imene anagula ku Limbe, yopanda chithunzi, yopanda dzina. Inali filimu ya makedzana, mitundu yake yofwifwa, ndipo munalibe ndewu ngakhale pang'ono. Tsiku loyamba anyamata anatuluka akutukwana. Koma azimayi atamva kuti muli nkhani ya chikondi anayamba kubwera, ndipo abambo amene ankanamizira kuperekeza akazi awo ndi amene ankapukuta m'maso kwambiri.

Nane ndinapitako kamodzi. Malinga ndi Layisoni, anthu a kumeneko amati kumwezi kuli nkhalamba imene imamanga ulusi wofiira kumwendo kwa mwamuna ndi kumwendo kwa mkazi asanaonane n'komwe, ndipo ulusi umenewo ukhoza kutalika, ukhoza kupiringizika, koma suduka. Mtsikana wa m'filimuyo anali ndi bwenzi lake limene linapita ku mzinda wa mfumu kukalemba mayeso. Makolo atafuna kumukwatitsa kwa nkhalamba yolemera, iye analowa mumtsinje madzi atadzaza. Kuyambira pamenepo madzulo aliwonse ankatulukira pa mlatho, nyali ya pepala ili m'manja, ulusi ukukwekwereka kumwendo, nsonga inayo yopanda womangako. Ankaimba ndi kamawu kakang'ono kokwera, ngati udzudzu uli m'khutu. Nkhope yake inali yoyera ngati yopaka ufa, manja obisika m'mikono ya chovala. Ine poti ndine telala ndinkangoyang'ana kasokedwe ka chovalacho.

Bwenzi lija Layisoni analitcha Faniwelo, chifukwa amuna anga sankajomba. Mtsikanayo akatsegula pakamwa, Layisoni ankachepetsa mawu n'kuti, "Faniwelo, Faniwelo, njinga za eni akezo sizinathebe?" Nyumba yonse phwete.

Vuto la tepi ija linali limodzi. Mtsikana ali pa mlathopo, kutsidya mu nkhungu munkaoneka ngati mukubwera munthu, iye n'kukweza nyali. Pomwepo chithunzi chinkaduka, kanema n'kungoti waa, timadontho takuda ndi toyera tokhatokha. Palibe anaonapo mathero ake. Anthu ankabwerera kwawo mitima ili m'malere, mawa n'kubweranso ngati kuti tepi isintha maganizo.

Tsiku lina la msika ndinawatuma a Faniwelo kuti agule tambala, poti wathu anafa ndi chitopa. Anagula ndithu, ndinawaona atamumangirira pa kaliyala. Koma m'malo mobwera naye kunyumba analowa naye ku kanema. Pofika kunyumba ine n'kuti nditaphula kale, m'khwapa mwawo muli nkhuku yoyera mbee.

"Bambo a Leya, ndinakutumani chiyani?"

"Tambala."

"Nanga ichi n'chiyani? Atambala a masiku ano ayamba kuikira mazira?"

Anaseka mpaka kutsamira chitseko. "Mayi a Leya, musandimenye. Ndakwatira."

Anandifotokozera uku akudya. Akuti tepi itatsala pang'ono kuduka, mayi wina anakuwa kuti, "Iwe Layisoni, mwana wa eni ake adikira mpaka liti? Mukwatitseni, tigone ndi mtendere!" Layisoni sanachedwe, anaimitsa tepi mtsikana atakweza nyali, n'kunena kuti Faniwelo wake ali pompano, tambala ali naye kale. Iye mwini anadziika nkhoswe ya kuchimuna. A Gwaza anawakankhira kutsogolo kuti akhale malume a mtsikana. Chinasowa ndi thadzi lokha. Kenaka thadzi linatulukira kuchokera kumbuyo, anthu akupatsirana pamwamba pa mitu mpaka linafika m'manja mwa a Gwaza. Anayankhulana mawu onse a chinkhoswe, osadumpha ndi amodzi omwe. Layisoni anapereka tambala, a Gwaza anapereka thadzi, azimayi nthungululu kuti lululu, a Faniwelo n'kugwada pamaso pa kanema chipewa chili pamtima.

Nanenso ndinaseka, bodza n'loipa. Ndinangoti mawa akatenge tambala wanga kwa apongozi awo atsopanowo.

M'mawa mwake anapita, nabwera chimanjamanja. A Gwaza akuti tambala anamuika pansi pa tebulo la kanema, miyendo yomanga, koma anthu atatuluka anapeza luzi lokha, lomasulidwa bwinobwino ndi kulikulunga. Tinati ndi anyamata akuba, tinaiwalako.

Thadzi lija ndi limene linayamba kundisowetsa mtendere. Silinkapalasa, silinkalira, gaga silinkamuyang'ana. Nkhuku zinzake zikalowa m'khola, ilo linkakhala pakhomo penipeni, kuyang'ana m'nyumba. Galu wathu, amene ankathamangitsa ngakhale mbuzi za eni, anasamukira kwa aneba osatsanzika.

Kenaka ulusi wanga wofiira unayamba kusowa. Woyera ulipo, wakuda ulipo, wofiira wokha. Ndinagula wina, unasowa. Ndinagula wina n'kuutsekera m'kabati ya makina, m'mawa ndinapeza kamtengo kake kokha. Ndinakangana ndi telala mnzanga wa pakhonde lomwelo, ndinamutchula mayina amene sindingawabwereze pamaso pa ana, ndipo anamwalira tisanayankhulane. Pamene ulusi unkasowapo unali mwezi wa Juni, kunja kuli gwa, fumbi lokhalokha, koma ndikamasesa m'chipinda ndinkapeza pansi pali chinyezi mbali imene ankagona amuna anga. Pankanunkha matope a kumtsinje.

Iwo eni ake anayamba kuchepa mawu. Munthu amene ankaseketsa anthu ngakhale pamaliro anayamba kukhala duu, sipanala ili m'manja, tayala likuzungulira lokha. Pakudya ankapatula kachigawo n'kukasiya m'mphepete mwa mbale, ndikafunsa ankadabwa ngati si iwo achita. Ndipo ankang'ung'udza nyimbo. Ndinaizindikira msanga, inali ya mtsikana uja, koma mmene ankaimbira iwo inkapitirira pamene tepi inkadukira.

Anthu onyamula kachewere m'bandakucha anayambanso kukamba zawo. Akuti pa kamlatho ka matabwa ka kudambo, nkhungu ikatsika, pamaoneka kuwala ngati munthu wanyamula nyali. Ukapereka moni sayankha. Ukayandikira umapeza matabwa onyowa basi. Mayi wina anati anaona munthu wamkazi ataima chopenya kutsidya, koma atafunsidwa kuti anavala chiyani anangoti, "Zinthu zazitali," n'kusiya njira imeneyo mpaka kalekale. A Faniwelo nawo anayamba kutseka ntchito dzuwa likadalipo. Ndinkawaona akuwoloka msewu kulowera kudambo, mwendo wakumanzere akuukoka pang'ono.

Tsiku lina ndinadzuka iwo akadali m'tulo, bulangete litawafunduka kumiyendo. Pa kakolo wakumanzere panali ulusi wofiira. Unali wanga womwe, ulusi wanga ndimaudziwa. Koma mfundo yake sindinaionepo chibadwire, yaing'ono, yolukana ngati kaduwa, yosaoneka poyambira. Nsonga inayo inadutsa pansi, kutuluka pa mpata wa chitseko, kudutsa pafupi ndi thadzi lija, n'kukathera m'fumbi la pabwalo. Ndinatenga sizasi n'kudula. M'mawa mwake unalipo. Ndinadulanso, ndinauwotcha, ndinachotsa ulusi wofiira wonse m'nyumba ndi pa makina pomwe. Unalipobe.

Pamenepo ndinawakhazika pansi.

"Bambo a Leya, kudambo kuja mumakakumana ndi ndani?"

Anaweramira pa kakolo wawo, ine n'kupitiriza.

"Ndiuzeni dzina. Ngati ndi wa ku bala nenani, ngati ndi wa ku kwaya nenani. Ine si mwana."

"Mayi a Leya," anatero, "ine sindifuna. Mulungu akundiona, sindifuna. Koma akayamba kuimba, mwendowu umanyamuka wokha."

"Ndiye mukafika kumeneko mumatani?"

"Palibe. Ndimaima tsidya lino, iye tsidya lija. Sayankhula. Amangokweza nyali." Kenaka anawonjezera motsitsa, "Wadikira nthawi yaitali, mayi a Leya. Mukanangomuona."

Mawu amenewo anandilasa kuposa ulusi uja. Akanakhala mkazi wa magazi ndi mnofu ndikanadziwa chochita. Ndikanamanga chitenje m'chiuno, ndikanapita pakhomo pake, Lizulu yense akanabwera kudzaleretsa. Koma uyu ukamupeza kuti? Umukoka tsitsi liti? Ndinali ndi nsanje, ndinali ndi mantha, ndipo pa zonse ziwirizo ndinalibe pogwira.

Ndinapita kwa a Gwaza kukafunsa mwini thadzi. Iwo anati analandira kwa amene anakhala kumbuyo kwawo. Ameneyo anati analandira kwa wakumbuyo kwake. Ndinayenda msika wonse, benchi ndi benchi, mpaka ndinafika kwa anyamata awiri amene anakhala kumapeto kwenikweni. Anati thadzi linachokera kumbuyo kwawo, wina anawagunda nalo paphewa, ndipo nthenga zake zinali zonyowa. Nditafunsa kuti kumbuyo kwawoko kunali ndani, anayang'anana. Kumbuyo kwawo kunali khoma.

Zimene munthu amayesa zonse ndinayesa. Thadzi ndinalipereka ulere kwa dalaivala wa lole yopita ku Blantyre, ndinaona ndi maso anga likukwera. Madzulo ndinalipeza pakhomo, mapazi ake ali matope. Mpeni ndinanola, koma nditangoligoneka pansi a Faniwelo anagwira pakhosi pawo n'kuyamba kubanika, ine n'kutaya mpeni uko. Abusa anabwera ndi akuluampingo, anapemphera mpaka mawu kusasa, ndipo kwa masiku angapo m'nyumba munauma. Lamulungu lotsatira, mpingo wonse ukuimba, ndinamva pambali panga kanyimbo kena kokwera, ndipo amayi a mvano anayamba kutembenuka mmodzimmodzi. Wa zitsamba wina wa ku Mozambiki, poti pa Lizulu ukangowoloka msewu wafika kale, anatemera amuna anga mphini mwendo wonse. Atafika pa kakolo anaima, anayang'anitsitsa mfundo ija, n'kutiuza kuti tizipita, za kwawo amazidziwa koma izi n'zachilendo.

Layisoni anabwera yekha kunyumba, maso ali psuu, pakamwa paja patauma. Anati akufuna kuiwotcha tepiyo. Mwamwayi tsiku limenelo kunali amalume awo a bambo a Leya, a Chidzanja, amene anali nkhoswe yathu yeniyeni. Anali nkhalamba yofatsa, yosoka mphasa, yosakonda kukweza mawu.

"Usawotche," anatero. "Ukawotcha nyumba ya mkazi, akagona kuti? Si abwera kwa mwamuna wake?"

Layisoni anakhala pansi osauzidwa.

"Tandiuza, mwana wanga. Akuchimuna analipo?"

"Ndinali ine, agogo. Koma zinali zocheza."

"Akuchikazi analipo?"

"A Gwaza. Zocheza zomwezo."

"Nkhuku zinasinthanidwa? Mboni zinalipo? Nthungululu zinalira?"

Layisoni anangogwedeza mutu.

"Ndiye zocheza zake zili pati? Ine chinkhoswe cha awa ndinayendetsa chimodzimodzi, palibe chimene ndinawonjezera. Inu munkaseka, koma kodi mwini wake ankaseka? Munthu wadikira zaka zonsezo, anthu odzaza nyumba n'kumuuza kuti mwamuna wako nayu, iye adziwa bwanji kuti pa Lizulu timaseka chonchi?"

Ine ndinalusa. "Amalume, ndiye mukuti chiyani? Ndikhale pa mitala ndi chithunzi?"

"Ayi, apongozi. Ndikuti chimene anamanga ankhoswe amamasula ndi ankhoswe. Tikawabwezere thadzi lawo, atibwezere tambala wathu. Njira ina ine sindikuidziwa."

A Gwaza anakana kwamtuwagalu. "Ine ndimagulitsa kachewere, abale anga! Mwana wa ku China ndimudziwira kuti? Kwawo sindikudziwa, mtundu wake sindiudziwa, ndikamuyankhira chiyani?" Koma amalume anawauza kuti amene anavomera umalume pa chisangalalo sauthawa pa mlandu, ndipo akazi awo omwe anawakankha kuti apite.

Tinasankha masana, dzuwa lili paliwombo, dala. Chigayo chinali chikulira, kunja anthu akutsatsa kabichi, ana akusewera mpira. Tinalowa ife ochepa, Layisoni n'kutseka chitseko. Amalume anakhala kumanja ndi thadzi pamiyendo, a Gwaza kumanzere pafupi ndi kanema, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. Ine ndinakhala ndi amuna anga pabenchi lakutsogolo. M'mawa umenewo ndinali nditadula ulusi, ndinawaveka malaya awo a buluu amene ndinawatembenuzira kolala ndekha, ndipo ndinakoleka mkono wanga mu mkono wawo.

Layisoni analiza jenereta, anaika tepi, maiki sanaigwire. Aka kanali koyamba kuonera filimu ija popanda pakamwa pake, ndipo ndinazindikira kuti inali yachisoni kuposa mmene ankatiuzira. Mtsikana uja atafika pa mlatho n'kuyamba kuimba, amalume anaomba m'manja mwaulemu, anatsokomola, nayamba.

"Zikomo akuchikazi. Ife tabwera ndi manyazi. Mwana wathuyu ali pabanja kale, mkazi wake ndi uyu, ali ndi mwana. Zimene zinachitika muno anachita ndi ana posewera, sanadziwe kuti akupweteka munthu. Mwana wanu alibe chifukwa, ndi wakhalidwe, wodikira. Koma amene akumudikira si uyu. Tikupempha mutikhululukire. Thadzi lanu nali, silinadwale, silinathyoke. Mutibwezere tambala wathu, aliyense aziyenda njira yake."

Anatambasula manja kupereka thadzi kwa a Gwaza. Tinali titagwirizana kale kuti a Gwaza angolandira n'kunena kuti tamva, nkhani yatha. Mawu atatu okha, ndipo njira yonse ankawabwereza.

Manja a a Gwaza sananyamuke pa maondo. Ndinaona akuyesa, mitsempha ya m'khosi inatuluka, koma manja anakhala pomwepo. Chigayo kunja chinali chitasiya kulira, kaya chinasiya nthawi yanji. Kenaka a Gwaza anatsegula pakamwa. Mawu anali awo omwe, koma odekha, aulemu, ngati a munthu amene wayendetsapo maukwati ambiri.

"Zikomo akuchimuna. Tamva. Koma tambala tinadya."

Amalume anakhala chitambasulire manja. Thadzi linatsika lokha pamiyendo pawo, linayenda pang'onopang'ono n'kulowa pansi pa tebulo la kanema.

Pa kanema mtsikana anakweza nyali. Apa ndi pamene tepi inkadukira masiku onse, ndipo tonse tinadikira kuti iti waa. Sinaduke. Nkhungu ya kutsidya inayamba kung'ambika, munthu uja anayamba kuoneka, akubwera pa mlatho. Nkhope sinkaoneka bwino. Anavala mkanjo wautali ngati anthu ena onse a m'filimumo. Koma ankakoka mwendo wakumanzere, ndipo pakhosi pa mkanjowo panasuzumira kolala ya buluu.

"Zimitsa!" ndinakuwa. "Layisoni, zimitsa!"

Layisoni anazula waya kukhoma. Anathamangira panja, ndinamva jenereta ikutsokomola n'kuzima. Chithunzi chinakhalabe.

Amuna anga anandifinya dzanja. Anatembenuka n'kundiyang'ana, ndipo anali iwo enieni, a Faniwelo anga a pansi pa bulugama, maso odzaza mantha ngati mwana.

"Mayi a Leya, ndigwireni."

"Ndakugwirani."

"Ndigwiritsitseni."

Ndinawakumbatira ndi manja onse awiri, ndinakwera pamiyendo pawo pamaso pa amalume, manyazi ndinataya. Ndinawaitana mayina onse, la ubatizo, la kwawo, ngakhale limene ndinkawaitana tili awiri. Ndinakanikiza phazi langa pa kakolo wawo. Kumbuyo kwanga nyimbo ija inkapitirira, ndipo kenaka ndinamva kuti oimba si mmodzi. Sindinacheuke. Ndinangomva thupi limene ndinaligwiralo likulefuka pang'onopang'ono, mapewa akutsika, mpweya ukubwerera m'malo mwake, ngati munthu amene watula katundu. Kanema anati waa, n'kuzima.

Ndinawagwira, atsikana inu. Palibe anganene kuti ndinataya. Koma ndinagwira chimene chimagwirika.

Tinatuluka nawo akuyenda okha, mwendo osakokanso. Dzuwa linali likuwalabe, anthu akutsatsabe kabichi. Kuyambira tsiku limenelo ndi mmene mukuwaoneramu. Ukawapatsa chakudya amadya, ukawasambitsa amasamba, ukawakhazika pakhonde amakhala. Dzina lawo sayankha. Kuchipatala anawayeza zonse, sanapeze kanthu. Leya anakula akuwapatsa moni m'mawa uliwonse, mpaka tsiku lina anangosiya. Madzulo okha, nkhungu ikayamba kutsika, nkhope yawo imawala, amamwetulira chopenya kudambo, kumwetulira kumene ndinkakudziwa ine ndekha. Pamenepo ndimalowa m'nyumba, chifukwa mpaka lero zimandipweteka.

A Gwaza anamwalira akulumbira kuti sakukumbuka kuti ananena chilichonse. Thadzi sitinalionenso. Tepi ija Layisoni anaiyesanso kamodzi asanasamuke, ndipo akuti kuyambira poyamba mpaka pomaliza munali timadontho tokhatokha. Kamlatho ka kudambo anthu anayambiranso kudutsapo, nyali sinaonekenso. Aliyense nkhani inamuthera bwino, kupatula pakhomo panga.

Ulusi uja ndinkadula m'mawa uliwonse kwa zaka zambiri. Sikuti ndinkayembekeza kanthu, ndinkangofuna mtsikana uja adziwe kuti mwini nyumba alipo. Ndiye chaka china malaya awo anang'ambika m'khwapa, ine ndili ndi malungo, ndinawasiya pa mpando kuti ndisoka ndikachira. M'mawa ndinapeza asokedwa. Ulusi wofiira, timisoko ting'onoting'ono tolingana, kunja ndi mkati chimodzimodzi, ntchito imene makina anga sangaigwire. Ndinakwiya, ndinasomola wonse, ndinasoka ndekha. Malaya ena atang'ambika zinachitikanso, ndinasomolanso. Takhala tikulimbana choncho ine ndi iye, mwakachetechete, pa zovala za mwamuna mmodzi.

Koma onani maso angawa mmene achitira. Bowo la singano sindilionanso, Leya ali kutali ndi banja lake, ndipo amuna anga amafunika kuoneka bwino pa anthu. Dzulo ndimatulutsa malaya oyera oti avale mawa ku chinkhoswe kuno, ndinapeza batani la pakhosi lachoka. Ndinayesa kulowetsa ulusi mpaka misozi, osatheka. Ndiye ndinawayala pa mpando, batani ndinaliika pamwamba pake, ndinasendeza nyali pafupi kuti aone bwino. Potuluka ndinamva pakamwa panga pakunena kuti zikomo.

Mawa akakhala pa mpando wawo kutsogolo kuja, mudzawayang'ane pakhosi. Amasoka bwino kundiposa, chimenecho sindingamunamizire.

Tsopano kamangeni nkhukuzo, muziike poti muziziona.